Kutentha thupi kulikonse si malungo

Mlezi wa sukulu ya mkombaphala ku Nathenje akagwira mwana pachipumi n'kumva moto, amafulumira kunena kuti, "Amake Chisomo, mwanayu ndi malungo." Mawuwa ndi akale: malungo ndi mfundo za thupi, momwe mumaphwanya munthu akadwala. Koma kuchipatala, malungo ndi nthenda yobwera ndi udzudzu basi. Kutentha thupi ndi chizindikiro chabe. Chibayo ndi chikuku nazonso zimatenthetsa.

Mwana wabwinobwino akamuyeza m'khwapa amapezeka pa madigiri 36.5 mpaka 37.4. Zikafika 37.5, chonde musamumwetse mankhwala a malungo a LA otsala m'nyumba. Thamangirani naye kuchipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, akamubaye pachala n'kuyeza magazi.