Amwandionerapati, Eni Nthaka Oyamba

Senderani kufupi ndi moto, adzukulu anga. Inu mukamva za Machinga mumathamangira kutchula Kawinga ndi Liwonde, mukamva za Balaka mumati Nsamala ndi Kalembo. Komatu amenewa ndi adzulodzuloli. Ayao anafika kuno kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1850 ndi 1860, ndipo anapeza Amang'anja akulima m'mbali mwa Shire ndi ku Chilwa. Boma la Balaka ndiye khanda lenileni, analidula ku Machinga mu 1998. Nawonso Amang'anjawo sanapeze dziko lopanda anthu. Munali Akafula, amene ena amati Abatwa.

Agogo anga aakazi ankati anthuwa anali aafupi msinkhu koma amphamvu, odziwa uta. Khasu analibe nalo ntchito. Ankasaka nyama, kufula njuchi, kukumba zikhawo za m'tchire, n'kugona m'mapanga. Ukakumana naye panjira ankakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti "pompano" wadziputira mkondo. Wanzeru ankati, "Ndakuonerani patali, muli kuseri kwa phiri lija," ndipo munthu uja ankakondwa n'kukusiya udutse.

Mwayamba kuseka, eti? Nanenso ndinkaseka ndili mwana, koma lero nkhaniyi imandiwawa. Munthu amene alendo amudzadzira m'dziko lake, nkhalango yake akuitentha kuti alimemo mapira, akafunsa funso lotere akupempha ulemu basi.

Kaweruzidwe ka Akafula kanali kosiyana ndi kathu. Agogo ankati kunalibe mfumu ya ndodo, kunalibe nduna, kunalibe wopereka mtulo wa nyama kwa mwini dziko. Ankayenda timagulu ta mabanja ochepa. Wodziwa kumene kuli madzi m'chilimwe ndiye ankamveredwa pa za madzi, wodziwa mapazi a nyama ankatsogolera uzimba. Nyama ikaphedwa, aliyense ankadyako. Awiri akayambana osamvana, wina ankanyamula uta wake n'kusamukira ku gulu lina, mlandu n'kuthera pomwepo.

Sanatheretu ayi. Ena anaphedwa, ena anakwatirana ndi makolo athu, ndipo ku Zambia, m'madambo a Bangweulu ndi Lukanga, kudakali anthu otchedwa Abatwa. Mukadzapita ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006, mukayang'anitsitse zofiirazo, mizere ndi timikombero. Zimenezo ndi za Akafula. Zoyerazo ndi za Achewa. Akuluakulu amanenanso kuti ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri, ya kwa Makewana ku Msinja, inachokera m'manja mwa Akafula.

Ndili mwana, tikamapita kukatola nkhuni kuphiri, agogo akafika pakhomo pa phanga ankatula mtolo, n'kuwomba m'manja mwakachetechete. Ine ndili kumbuyo kwawo ndinkawamva akunong'ona kuti, "Takuonerani patali, eni malo, tikungodutsa."