Tommy Gun ya m'filimu ndi ya m'manja

Anzanga a kunyanja, ife amene tinakulira m'mavidiyo sho timaidziwa mfuti ija ya zigawenga za ku Chicago, ya chimbale chozungulira kunsi. Dzina lake ndi Thompson. Kwa ine, imeneyi ndi mfuti yokoma kuionera patali basi.

John T. Thompson anaikonzera nkhondo yoyamba ya dziko lonse, koma nkhondoyo inatha mu 1918 mfutiyo isanaombe m'dani. Kuyambira mu 1921 kampani ya Colt inapanga 15,000, imodzi pa $200. Malonda anayenda mwaulesi, moti zina zinangokhala mpaka nkhondo yachiwiri itayandikira. Kutchuka kunabwera ndi magazi, monga mu 1929 pamene anthu 7 anaphedwa ku Chicago pa tsiku la Valentine.

Lero mpondamatiki wa ku America akaifuna yeniyeniyo, ayenera kusaka yomwe inalembetsedwa boma lisanatseke kaundula mu 1986. Mtengo wake ndi madola masauzande makumimakumi, ndalama yogulira boti ndi injini yomwe.

Akainyamula ndiye nkhani imasintha. Yopanda zipolopolo imalemera pafupifupi makilogalamu 5. Chimbale chija chimalowa zipolopolo 50, ndipo kuzilongedza n'kofuna mtima ngati kusoka chilimira, koma zimatha m'masekondi ngati 5. Asilikali a Britain ankachidandaula kuti n'cholemera komanso chimasokosera poyenda. Tangoganizani, usiku, m'dani ali pafupi!

Ndiye kachitsulo ka 1921 kakathyoka, kolowa m'malo mwake n'kosowa, mtengo wa mfutiyo n'kugwa. Mwini wake amangoipukuta ndi mafuta n'kuitsekera m'sefa.