Kusintha Wailesi ya Galimoto Yochokera ku Japan m'Boma la Lundazi

Galimoto zambiri zoyenda mumsewu wa Chipata–Lundazi ndi zogwirapo kale ntchito ku Japan, monga Toyota Corolla, Noah ndi Spacio. Zambiri zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'Zambia pachipata cha Nakonde. Wailesi ndi mapu zomwe zimabwera nazo anazipangira dziko la Japan, n'chifukwa chake eni galimoto amazikonza kapena kuzisintha.

Gwero la vuto

Ku Japan wailesi zakale za FM zimagwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pomwe m'Zambia ndi m'Malawi amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Choncho siteshoni yoposa 90 MHz siimveka. Mapu ake ndi a misewu ya ku Japan, ndipo zolemba zonse zili m'Chijapanizi. Wailesi zina zimadzitseka batire likachotsedwa, mpaka mwini alowetse khadi ya mapu kapena nambala yotsegulira.

Njira zosaboola m'thumba

Yoyamba ndi band expander, kachipangizo kolumikizidwa pawaya wa eriyo. Kamatsitsa nambala ya siteshoni: kotsitsa ndi 14 MHz kamachititsa kuti ya pa 100 ipezeke pa 86. Yachiwiri ndi kachipangizo ka Bluetooth kobayika poyatsira ndudu, kotumiza nyimbo za pafoni ku wailesi. Kayenera kutcheredwa pakati pa 87.5 ndi 90 MHz, pomwe wailesi ya ku Japan imafika. Yachitatu, yodulirapo, ndiyo kugula wailesi ina, kaya ya Android kapena wamba.

Kukula kwa wailesi ndi mawaya

Wailesi ya muyezo wa single DIN ndi mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 msinkhu, pomwe double DIN ndi 180 ndi 100. Toyota zambiri zili ndi malo a mamilimita 200, motero pamafunika tizidutswa totseka m'mbali. Pawailesi zogula padera, waya wachikasu umalandira magetsi nthawi zonse, wofiira umalandira kiyi akatembenuzidwa, ndipo wakuda umamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Wofiira ukalumikizidwa ku batire mwachindunji, wailesi siizima ndi kiyi ndipo batire limatha. Pulagi yogwirizana ndi mtundu wa galimotoyo imapewetsa kudula mawaya, ndipo fyuzi siyenera kulumphidwa.

Mapu

Pa maulendo a ku Chama, Lumezi, Chasefu kapena ku malire a Lusuntha, netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel imatha kusowa m'malo ena. Woyendetsa akasungiratu mapu a Google Maps m'foni, GPS imamulondolerabe popanda intaneti, choncho foni yomangika bwino kutsogolo imakwanira.

Musanalipire wamagetsi wokuikirani wailesi, yesani ngati Radio Chikaya ya ku Lundazi ikumveka, masipika onse akulira, komanso ngati wailesi ikuzima mukachotsa kiyi.