Ukalamba wa Wothyola Tiyi kwa Nchilamwela

Munthu wochokera ku Limbe akalowa m'dera la Mfumu Nchilamwela m'boma la Thyolo, maso ake amakhuta ndi kubiriwira kwa minda ya tiyi. M'mizere ya tiyiyo mumaoneka amayi ndi abambo atabereka madengu kumsana, manja ali jijirijijiri kuthyola nsonga zanthete. Wapaulendo amayamikira kukongolako n'kupitirira. Ndi owerengeka amene amadzifunsa kuti: kodi manja amenewa akadzafooka, msana n'kukana dengu, mwiniwake adzadya chiyani? Mbiri ikutionetsa kuti boma lidayamba kalekale kutenga gawo lake pa thukuta la wantchito, koma padapita zaka zoposa 100 lisadaike lamulo lomusungira kangachepe ka pa ukalamba.

Boma la atsamunda litakhazikitsidwa m'chaka cha 1891, Harry Johnston adayambitsa msonkho wa nyumba. Msonkhowu sudali wongopezera boma ndalama ayi. Udalinso chikoti chokusira anthu ku minda ya azungu. Kuyambira mu 1902 munthu ankakhoma masheleni 6, koma akagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankakhoma masheleni 3 okha, ndipo dongosolo limeneli lidafika mpaka mu 1921. M'zaka zomwezo Alhomwe ambiri ankawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Atafika ku Mulanje ndi ku Thyolo adapeza malo abwino ali kale m'manja mwa azungu, choncho adaloledwa kumanga ndi kulima pa malowo pokhapokha atamagwira thangata. Tiyi atayamba kufalikira ku Thyolo, monga pa esiteti ya Satemwa imene Maclean Kay adatsegula mu 1923, adakula ndi manja a anthu amenewa.

Nanga munthu wotere akakalamba zinkatha bwanji? Malipiro ake adali timasheleni ndi phoso, zothera m'mimba ndi ku msonkho. Chuma chake cha pa ukalamba chidali ziwiri: kamunda ndi ana. Tsoka ilo, kamundako kadali pa nthaka ya eni. Lamulo la mu 1928 lokhudza anthu okhala pa malo a azungu lidaloleza mwini esiteti kuchotsa gawo lina la anthuwo pakatha zaka zisanu zilizonse. Tingathe kunena kuti nkhokwe ya munthuyo idamangidwa pa bwalo la wina. Thangata adathetsedwa mu 1962, koma minda ya tiyi idakhalabe pomwe idali, ndipo anthu m'midzi yozungulira adanka nachulukana pa malo ochepa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, penshoni idali mwayi wa antchito a boma ndi a m'makampani amene adafuna okha kuwatsegulira antchito awo thumba. Padalibe lamulo lokakamiza wolemba ntchito aliyense kutero. Lamulo la za ntchito la mu 2000 lidabweretsa ndalama zolipira munthu ntchito yake ikatha, zowerengedwa molingana ndi zaka zimene wagwira. Koma pamenepa padabuka mkangano. Makhoti adagamula kuti wantchito ayenera kulandira ndalama zimenezi ngakhale ali ndi penshoni, ndipo olemba ntchito adadandaula kuti akulipira kawiri pa chinthu chimodzi. Mkangano umenewu ndi umodzi mwa zimene zidachititsa Nyumba ya Malamulo kukonza lamulo la za ntchito mu 2010 ndi kukhazikitsa lamulo la penshoni, limene lidayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2011.

Apa m'pamene zinthu zidasintha kwenikweni. Lamulolo lidati wantchito akhale ndi akaunti ya dzina lakelake m'thumba la penshoni. Mwezi ndi mwezi iye amaikamo K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo womulemba ntchito amaonjezerapo K10 pa K100 iliyonse, osachepera apo. Tiyerekeze munthu wolandira K100,000 pa mwezi: iye asonkha K5,000, bwana asonkha K10,000, ndipo pakutha pa chaka muli K180,000 tisadawerengere phindu. Ndalamazo sizikhala mu ofesi ya pa esiteti. Zimapita kwa makampani osunga penshoni, amene amazilowetsa m'malonda osiyanasiyana kuti ziswane, ndipo onsewo amayang'aniridwa ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Munthu akasintha ntchito, thumba lake limamutsatira. Zaka zimene adagwira lamulo lisadabwere sizidatayidwe: olemba ntchito adalamulidwa kuziwerengera ndi kusamutsira ndalamazo m'thumba pasadathe zaka zisanu ndi zitatu.

Palinso kapepala kena kamene ambiri amakapeputsa, kolembapo mayina a anthu odzalandira ndalamazo mwini akamwalira. Kuno kwathu kumene mbumba imatsata kuchikazi, ndipo chuma cha malemu chimakanganitsa ana ndi adzukulu a kwa mlongo, kapepala kameneka kali ndi mphamvu kuposa mawu onenedwa pa siwa.

Nawo msonkho udalowamo, koma mwa njira ina. Gawo la wantchito silimuchepetsera msonkho wa pa malipiro. Limawerengedwa ngati ndalama zimene walandira. Wolemba ntchito ndiye amaloledwa kuchotsera zosonkha zake pa ndalama zokhomera msonkho, mpaka K15 pa K100 iliyonse ya malipiro a wantchito. Phindu limene thumba lapeza limadulidwa msonkho, koma munthu akapuma pa ntchito, penshoni yake amalandira yosadulidwa. Kunena mwachidule, boma limatenga zake munthu akadali ndi mphamvu, n'kumusiya akakalamba. Poyerekeza ndi msonkho wa nyumba uja, pamenepa pali chilungamo ndithu.

Komabe tisafulumire kuomba m'manja. Tiyi amaphuka kwambiri m'nyengo ya dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo m'miyezi imeneyi maesiteti amalemba anthu ambirimbiri amene amawasiya mvula ikatha. Lamulo la mu 2011 litayamba, antchito a nyengo oterewa adaikidwa m'gulu la opatulidwa, pamodzi ndi antchito a m'nyumba ndi matenanti a m'minda ya fodya. M'malo mwa penshoni adapatsidwa ndalama ya chithokozo, K5 pa K100 iliyonse ya malipiro a mwezi uliwonse umene agwira, yolandira ntchito ikatha. Pa chitsanzo chathu chija, miyezi isanu ibala K25,000. Ndalama yotere imafika nthawi imene pakhomo pafunika fizi, sopo ndi feteleza, ndipo palibe angamunene munthu chifukwa choidya. Motero mayi angathe kuthyola tiyi madzinja makumi atatu, n'kukalamba wopanda akaunti ngakhale imodzi ya dzina lake. Kwa ine, apa ndi pamene lamulolo lidasiya anthu amene ankalifuna koposa.

Nawonso okhala ndi akaunti ali ndi zowadetsa nkhawa. Olemba ntchito ena m'dziko muno amadula ndalama pa malipiro koma osazipereka ku thumba, ndipo wantchito amene safunsa chikalata cha akaunti yake amadzazindikira madzi atafika m'khosi. Vuto lina ndi kugwa kwa kwacha, monga mu Meyi 2012, mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, pamene mtengo wa dola udakwezedwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi. Ndalama imene ikadagula malata a nyumba yonse ikhoza kudzagula a khonde lokha.

Madandaulo a antchito adachititsa kuti lamulo lilembedwenso mu 2023. Munthu amene ntchito yamuthera tsopano amadikira miyezi itatu, osati isanu ndi umodzi, kuti atapeko ndalama zake. Wopuma pa ntchito amalandira theka la thumba lake nthawi imodzi, pamene kale ankalandira K40 pa K100 iliyonse, ndipo zotsalazo zimabwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Lamulo latsopanoli lidatsegulanso khomo loti munthu wosalembedwa ntchito yokhazikika azidzisonkhera yekha mwa kufuna kwake. Wothyola tiyi wa dzinja lokha angathe kulowera pa khomo limeneli, ngati pa zimene sikelo yamuwerengera madzulo patsala kanthu atagula ufa.