Realm ndi Sphere: Mawu Awiri M'mbiri ya Maulamuliro

Mlembi amene akumasulira buku la mbiri yakale kuchoka m'Chingerezi sapita patali asanakumane ndi mawu awiri awa: realm ndi sphere. Akafufuza m'buku lotanthauzira mawu amapeza kuti onse awiri angathe kuimira "dera" kapena "gawo", ndipo poti ntchito imakhala itamuchulukira, amangolemba "dera" paliponse n'kupitirira. M'nkhani zina palibe chimene chimaonongeka. Koma m'mbiri ya maulamuliro, kusakaniza mawuwa kumabisa chinthu chimene ophunzira athu ayenera kuchiona poyera, ndicho kusiyana kwa dziko limene mfumu ikulamuliradi ndi dziko limene mfumu yangoliloza chala ili kutali.

Tiyambe ndi realm. Liwuli linalowa m'Chingerezi cha m'ma 1300 kuchokera ku Chifalansa chakale, ndipo mizu yake ili m'Chilatini, m'banja la mawu onena za mfumu ndi kulamulira. Kuyambira pachiyambi, tsono, realm ndi dziko lokhala ndi mwini wake: mfumu imodzi, malamulo amodzi, ndi malire amene mawu a mfumu ina sangadumphe. Mphamvu ya liwuli inaonekera bwino m'chaka cha 1533. Mfumu Henry VIII ya ku England inkafuna kuthetsa ukwati wake ndi Catherine wa ku Aragon, koma Papa sanalole. Pamenepo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa kukachita apilo milandu yotere ku Rome, ndipo m'mawu oyamba a lamulolo England anatchedwa realm yoima payokha, yokhala ndi mutu umodzi, ndiwo mfumu. Mlandu wa m'dzikomo unayenera kuthera m'dzikomo. Patapita zaka 381, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu Ogasiti 1914, lamulo lopatsa boma la Britain mphamvu zapadera linatchedwa Defence of the Realm Act, ndiye kuti lamulo loteteza ufumu. Pamawu amenewa womasulira alibe chovuta. "Ufumu" kapena "dziko la mfumu" zikukwanira.

Liwu la sphere silinabadwire kubwalo la mfumu ayi. Linachokera ku liwu la Chigiriki lakuti sphaira, lotanthauza mpira, chinthu chobulungira ngati dzaye. Aphunzitsi a masamu asamale apa, pakuti ana ambiri amasokoneza: mbale ndi yozungulira, koma dzaye ndi lobulungira. Akatswiri akale a zakuthambo, monga Aristotle ndi Ptolemy wa ku Alexandria, ankaphunzitsa kuti dziko lapansi lili pakati, ndipo lakutidwa ndi zibulunga zoonekera mkati, china mkati mwa chinzake ngati makoko a anyezi. Mwezi unali ndi chibulunga chake, dzuwa chake, nyenyezi zoyenda iliyonse chake. Chiphunzitsochi chinayamba kugwedezeka pamene Copernicus anaika dzuwa pakati mu 1543, ndipo chinafookeratu Kepler atasonyeza mu 1609 kuti njira imene Mars amayendamo si yozungulira ndendende. Zibulunga zakumwamba zinatha, koma liwu linatsala. Cha m'ma 1600 Angerezi anali atayamba kunena za sphere ya munthu, kutanthauza malo ake pakati pa anthu ndi pamene ntchito kapena mphamvu zake zikulekezera.

Kusiyana kwake kwagona pamenepa. Realm imadziwika ndi mwini wake ndi malire ake. Sphere imayezedwa kuchokera pakati, monga kutentha kwa moto: wokhala pafupi amaotha kwambiri, wakutali amamva pang'ono, ndipo kutenthako kungathe kufika m'bwalo la munthu wina. Polankhula mophiphiritsa, inde, mawu awiriwa amayandikana, ndipo Mngerezi angagwiritse lililonse ponena za chuma, zandale kapena zachipembedzo. Pamalo otere ife tikuona kuti womasulira achita bwino kusiya mawu onsewo n'kungolemba kuti "pa nkhani za chuma", m'malo molimbana ndi "dera la chuma", limene palibe Mchewa amalinena. Vuto lenileni lili m'mapangano a maiko.

Chitsanzo chomveka msanga ndi cha Persia, dziko limene lero timati Iran. Mu Ogasiti 1907 Britain ndi Russia anagwirizana kuti kumpoto kwa dzikolo kukhale sphere ya Russia, kum'mwera chakum'mawa kukhale ya Britain, ndipo pakati pasakhale pa aliyense. Boma la Persia silinafunsidwe. Shah anakhalabe pampando wake ku Tehran, ndipo dziko lonse linali realm yake, koma mzinda wa Tehran womwewo unali mkati mwa sphere ya Russia. Nthaka imodzi, mawu awiri. Wolemba "dera" ponse pawiri afotokoza bwanji zimenezi kwa ophunzira?

Kwathu kuno liwuli linafika zaka zingapo izi zisanachitike. Msonkhano wa ku Berlin, umene unayamba mu Novembala 1884 n'kutha mu Febuluwale 1885, unagamula kuti dziko lotenga malo atsopano m'magombe a nyanja zamchere za Africa lidziwitse anzake, ndipo likhazikitsedi ulamuliro pamalopo. Lamulo limenelo silinakhudze madera a kumtunda, kumene Azungu analibe asilikali okwanira ngakhale maofesi. Mpata umenewu ndi umene unatsekedwa ndi mawu akuti sphere of influence. Pa 1 Julayi 1890 Britain anasainirana pangano ndi Germany, ndipo pa 11 Juni 1891 anasainirana lina ndi Portugal, atamuopseza kale mu Januwale 1890 kuti achotse asilikali ake m'chigwa cha Shire. M'mapangano onse awiri, dziko lililonse linalonjeza kuti silidzatenga malo, silidzapangana ndi mafumu, ndipo silidzalandira ulamuliro m'sphere ya linzake. Apa akazembe anaipatsa sphere malire, koma anali malire omanga awiri osainiranawo basi. Papepalapo panalibe chala cha Gomani, cha Mwase kapena cha M'mbelwa.

Nanga mawu amenewa tiwamasulire bwanji? Ena alemba "dera la ulamuliro", koma uku ndi kunama, chifukwa ulamulirowo unali usanafike. Ena alemba "dera la chikoka", zimene zikuyandikira, ngakhale kuti chikoka chimamveka ngati kukondedwa, ndipo pano panalibe chikondi. Ife tikupempha alembi kuti aganizire mneni wakuti "kutomera". Mnyamata akatomera mtsikana, ukwati sunachitike, mtsikanayo akali m'nyumba ya make, koma anyamata ena auzidwa kuti atalikire. "Dera lotomeredwa" likunena chimodzimodzi: mwini watsopano sanalowe, koma anzake achenjezedwa. Fanizoli likuperewera pamodzi pokha. Pa chitomero chenicheni malume ake a mtsikana amadziwa ndipo amavomera, pamene chitomero cha ku Berlin ndi ku Lisbon chinachitika eni mbumba asakudziwa. Mphunzitsi akatchula kuperewera kumeneku m'kalasi, waphunzitsa kale theka la mutuwo.

Kuti kutomera sikunali kulamulira, zaka zikuchitira umboni. Britain analengeza mu Meyi 1891 kuti madera ozungulira nyanja ali pansi pa chitetezo chake, ndipo Harry Johnston anaikidwa kukhala woyang'anira. Komabe Mlozi, wamalonda a akapolo, anakhalabe m'linga lake kufupi ndi Karonga mpaka pamene anagonjetsedwa n'kupachikidwa mu Disembala 1895. Mwase wa ku Kasungu anagonjetsedwa kumapeto kwa chaka chomwecho, Gomani anaphedwa mu 1896, ndipo Angoni a M'mbelwa analowa pansi pa boma la atsamunda mu 1904, patatha zaka 13 chilembedwere pangano ndi Portugal. Zaka zonsezo mapu a ku London ankasonyeza mtundu umodzi pamalo pamene panali maufumu angapo, uliwonse ndi bwalo lake la milandu.

Ngakhale atsamunda atakhazikika, Nyasaland sanakhale realm ya mfumu ya ku Britain monga mwa malamulo. Linali dziko lotetezedwa, ndipo anthu ake ankawerengedwa kuti ndi "otetezedwa ndi Britain", osati anthu a mfumu monga a m'maiko amene Britain anawatenga kukhala ake enieni. Chodabwitsa n'chakuti dziko lino linatchedwa realm pa tsiku limene linalandira ufulu. Kuyambira pa 6 Julayi 1964 Elizabeth II anali Mfumukazi ya Malawi, Sir Glyn Jones akumuimira monga Bwanamkubwa, pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda anali Nduna Yaikulu. Akonzi a mabuku a sukulu asalole kuti zaka zimenezi zilembedwe kuti tinali "m'ufumu wa Britain". Malawi anali ufumu pawokha, wongogawana munthu wovala chisoti chachifumu ndi maiko ena, monga mmene Canada, Jamaica ndi Papua New Guinea akuchitira ndi Mfumu Charles III. Maiko otere anatsala 15 pamene Barbados anachoka mu Novembala 2021. Kwa ife dongosololi linatha pa 6 Julayi 1966, dziko litakhala Ripabuliki.

Realm inakhala nafe zaka ziwiri zokha, koma sphere ya 1890 sinatisiye. Pangano lija la Britain ndi Germany linati malire a sphere ya Germany atsate gombe la nyanja, kum'mawa ndi kumpoto, mpaka pamathiriro a mtsinje wa Songwe. Malawi waima pa ndime imeneyi ponena kuti madzi a kumpoto kwa nyanja ndi ake mpaka kugombe la tsidya lija, pamene Tanzania wanena kuti malire ayenera kudutsa pakati pa madzi. Mkanganowu unabukanso mu 2012, Malawi atapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanjayo chaka cha 2011, ndipo maloya a mbali zonse ziwiri anabwerera ku pepala lomwe lija, kukawerenganso mzere umene akazembe analemba ku Berlin pogawana malo amene panthawiyo anali atangowatomera.