Boma la Mganda: Mbiri ya Magulu a Asilikali Ovina kwa Mavwere

Mganda ndi gule wa amuna amene amavinidwa m'mizere, ovina atavala ngati asilikali a pa pelete. Gulu lililonse la ovina limatchedwa boma. M'dera la Mfumu Yaikulu Mavwere ku Mchinji, monganso ku Kasungu, Dowa, Ntchisi, Nkhotakota ndi Lilongwe, nyengo ya guleyu ndi chilimwe, chimanga chikalowa m'nkhokwe, mtedza ukakumbidwa, fodya akapita ku okushoni. Boma silivina lokha kuti lidzisangalatse. Limaitana boma la mudzi wina, awiriwo n'kupimana mphamvu pabwalo anthu akuonerera. N'chifukwa chake mnyamata sankangophunzira mganda ayi. Ankalowa boma lakutilakuti, ndipo kulowako kunkamupatsa anzake, udindo ndi adani a pabwalo.

Gwero la mwambo wogawana magulu chotere lili kutali ndi Mchinji, ku gombe la nyanja ya mchere ya Indian Ocean. M'zaka za m'ma 1890, m'mizinda ya Aswahili monga Lamu ndi Mombasa munabuka gule wotchedwa beni, dzina lochokera ku mawu a Chingerezi otanthauza gulu la oimba malipenga a asilikali. Mizindayi inali ndi chizolowezi chakale choti mbali ziwiri za mzinda zizipikisana pa ndakatulo, magule ndi madyerero. Zombo za nkhondo za Azungu zitayamba kukocheza kumeneko, mpikisano wakale uja unangovala malaya atsopano. Ku Mombasa kunali gulu la Kingi ndi la Kilungu, kenako kunabwera la Scotchi, limene linkavala ngati asilikali a ku Scotland. Aliyense wa mumzinda ankadziwika mbali yake.

M'dziko limene linkalamulidwa ndi Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, magulu awiri amene anamveka kwambiri anali Marini ndi Arinoti. Apa kusankha sikunali kwa mtima wokha. Marini linali gulu la odziona apamwamba, eni mzinda, makalaliki ndi ophunzira; Arinoti linkasonkhanitsa obwera, onyamula katundu ndi aganyu. Magulu onsewa anali ndi nthambi m'matauni ambiri, moti munthu wa Arinoti akafika m'tauni yachilendo ankafunsa kumene kuli anzake, n'kupatsidwa pogona. Atsogoleri ankadzitcha maina a akuluakulu a ku Germany monga Kaiser ndi Bismarck. Wolemba mbiri Terence Ranger analondola ulendo wonse wa guleyu m'buku lake la mu 1975 lotchedwa Dance and Society in Eastern Africa.

Anthu a ku Mchinji anali ataona kale pelete asanamve za beni. Mu January 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo pambuyo pake Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anawomberedwa. Linga la asilikali la Fort Manning, lotchedwa dzina la msilikali William Manning, ndilo linadzakhala likulu la boma limene lero ndi Mchinji, monga mmene Fort Jameson inadzakhalira Chipata kutsidya kwa malire. Mu 1902 magulu a asilikali a kuno anaphatikizidwa mu King's African Rifles, imene anthu ankangoitchula kuti Keyala. Lipenga la m'mawa, sajeni wokalipa ndi mizere yowongoka zinali zinthu zodziwika m'dera lino.

Chimene chinafalitsa gule wa beni ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza. Dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, ambiri ochita kugwidwa m'midzi. Kuno nkhondo inafika pa Karonga mu September 1914, n'kuyenda mu Tanganyika ndi Mozambique, mpaka mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anakatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 November 1918. M'misasa ya mbali zonse ziwiri asilikali ankavina beni. Opulumuka ku njala, kamwazi ndi chimfine cha 1918 anabwerera kwawo ndi zinthu zochepa m'manja, koma mayendedwe a pelete anali m'miyendo mwawo.

Atafika kuno, gule mmodzi uja anabala ana atatu. Ayao a ku Mangochi ndi Machinga anasunga dzina la beni. Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a pachilumba cha Likoma anapanga malipenga, gule wodekha, wonyadira ukhondo ndi kuponda mwaulemu. Achewa a m'chigawo chapakati pamodzi ndi Atumbuka anatenga mganda, umene mwa Achewa uli ndi mphamvu ndi liwiro loposa malipenga. Kuchokera ku nyanja guleyu anakwera kumtunda ndi anthu a paulendo, ndipo malire sanamuletse kufika kwa anansi a kum'mawa kwa Zambia. Pofika 1945 mganda unali utadziwika moti mmishonale A. M. Jones anaulemba m'magazini ya African Studies.

Mawu akuti boma ali ndi mbiri yawoyawo. M'Chiswahili amatanthauza mpanda kapena linga. Kuno anadzatanthauza ofesi ya bwanamkubwa wa dera, kenako ulamuliro wonse wa dziko. Anyamata a mganda potcha gulu lawo boma ankanena zenizeni: ankakhazikitsa kaboma kawo, kokhala ndi maudindo, malamulo, msonkho ndi milandu. Pamwamba pankakhala Kingi, amene nthawi zambiri sankavina koma ankakhala pampando atavala suti, n'kumalandira ulemu. Pansi pake pankabwera kaputeni, sajeni ndi kopolo, osunga mwambo m'mizere. Panali mlembi wolemba makalata ndi msungichuma wotolera zopereka. Panalinso dokotala ndi namwino, ndipo ntchito yawo inali yooneka ndi maso. Gule asanayambe, dokotala ankayenda mzere ndi mzere kuyang'ana zikhadabo, mano, tsitsi ndi kolala ya malaya. Wopezeka ndi litsiro ankatulutsidwa pamzere anthu akuona, chilango chowawa kuposa chindapusa, poti atsikana a mudzi wonse amakhala ali pomwepo.

Zovala zake n'zimene zinkadya ndalama: kabudula ndi malaya oyera kapena a khaki ositidwa ndi simbi ya makala mpaka mzere kuthwa, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zopukutidwa, tayi, ndi kampango koyera m'dzanja. Zoimbira zinali za m'mudzi momwemo. Malipenga a mkuwa kunalibe, choncho anthu anatenga chikho chautali cha mphonda, n'kuchiboola, n'kumata pa kabowo kansalu koyera kamene kangaude amatchingira mazira ake. Munthu akaimbira m'chikhomo, kansaluko kamanjenjemera, mawu n'kutuluka a nthetemya ngati a lipenga. Chida chimenechi ndi badza, ndipo chimakhala cha misinkhu yosiyana, china cha mawu aang'ono, china cha besi. Ng'oma yaikulu ya gunda, yokutidwa chikopa mbali zonse ziwiri ndi kuimbidwa ndi chibonga, inalowa m'malo mwa ng'oma yaikulu ya asilikali, kang'oma kakang'ono n'kumathira mawu pamwamba. Wezulo wa mtsogoleri ndiye amasintha sitepe.

Kulowa boma kunkayendera mudzi kuposa china chilichonse. Ku gombe munthu ankasankha pakati pa magulu awiri a mumzinda umodzi. M'midzi ya Achewa boma linali la mudzi kapena la midzi ingapo yoyandikana, ndipo mnyamata ankalowa kumene kuli akulu ake ndi atsibweni ake. Mfumu ya mudzi ndiyo inkaloleza bwalo. Komabe mpata wosankha unalipo, ndipo unkabwera ndi chikamwini. Mwamuna wa Chichewa akakwatira kawirikawiri ankakakhala kwa mkazi, kotero mkamwini wodziwa kuvina ankapezeka ndi maboma awiri, la kwawo ndi la kuukwati. Kuvinira la kuukwati kunkamugulira ulemu kwa apongozi ndi alamu. Tsiku lokumana maboma awiriwo ndiye linali lovuta, chifukwa abale ake ankamuona ali mumzere wa adani. Panalinso ochoka chifukwa chomanidwa udindo, amene ankakopa anzawo n'kukayambitsa boma latsopano. Maboma ambiri anabadwa motero, monga mmene midzi yeniyeni imagawikirana pakabuka mkangano wa ufumu.

Chuma cha boma chinkachokera kunja kwa mudzi. Amuna a ku Mchinji ankapita ku minda ya fodya ya ku Fort Jameson, ku Salisbury, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ndi ku Joni kudzera ku Wenela. Wobwera ndi jekete, chipewa ndi wezulo watsopano sankachedwa kupatsidwa udindo, ndipo boma lokhala ndi anthu ambiri a paulendo linkaoneka pa zovala. Kumigodiko nakonso magulu otere anali ponseponse. Mu 1956 J. Clyde Mitchell anasindikiza kafukufuku wa gule wa kalela wa ku Luanshya, m'bale wake wa mganda. Gulu limene anaona linali la anyamata a Chibisa a kwa Mfumu Matipa, linali ndi Kingi, dokotala wovala zoyera, ndi namwino woyenda ndi kalilole ndi kampango kuti ovina adziyang'ane ndi kupukuta thukuta. Ngakhale m'tauni, munthu ankalowa gulu la kwawo.

Tsiku la mpikisano linkayamba ndi kalata. Boma loitana linkalembera linzake, kutchula tsiku, ndipo kukana kunali ngati kuvomera kugonja. Alendo ankafika ataguba, ng'oma ili patsogolo, n'kulandiridwa kunja kwa mudzi. Amayi ankaphika nsima ndi thobwa, mbuzi kapena nkhuku zinkaphedwa, ndipo boma lodyetsa alendo moperewera linkanenedwa chaka chonse. Pabwalo maboma ankalowa mosinthana. Oweruza enieni anali anthu oonerera: kumene khamu lakhamukira, kumene nthungululu zachuluka, kumene amayi akuthamangira kukafupa ndi kupukuta ovina, ndiko kwapambana. Nyimbo zinkatamanda boma loimbalo, kunyoza linzake, ndi kuulula za m'mudzi, za mlesi, za wakuba nkhuku, za mkamwini wosamanga nyumba. Ogonja sankasowa chonena. Kawirikawiri ankati anzawo anakhwimira ng'oma kapena anatsirika bwalo, ndipo nthawi zina zinkathera m'zibakera. Akazi anali ndi gule wawo wa chimtali, amenenso ankapikisana mudzi ndi mudzi, nthawi zambiri pa zochitika zomwezo.

M'dera la Achewa ngati la Mavwere mganda unapeza gule wamkulu ali kale ndi bwalo lake. Awiriwa amasiyana kwambiri. Gule wamkulu ndi wa mizimu, wa maliro ndi chinamwali, ndipo zake zimadziwika ndi olowa okha. Mganda ulibe chinsinsi, suchokera kudambwe, ndipo wovina amaonekera nkhope kuti atamandidwe ndi dzina lake. Gule wamkulu anayankha kubwera kwa Azungu ndi zilombo zowaseka monga Simoni wofiira nkhope. Mganda unayankha povala zovala zawo ndi kulanda maina a maudindo awo. Pa chifukwa ichi anyamata a sukulu ndi a mpingo, amene mishoni monga ya Kachebere, yotsegulidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1903, inkawaletsa kupita kudambwe, ankapeza malo mu mganda, ngakhale kuti si atsogoleri onse a mipingo amene ankaukonda. Akuluakulu a boma la atsamunda nawo sankagona nawo tulo magulu okhala ndi maudindo, makalata ndi thumba la ndalama. Pa sitiraka ya ku migodi ya mkuwa ya mu 1935, magulu a beni anaganiziridwa kuti ndiwo ankayendetsa mauthenga pakati pa Mufulira, Nkana ndi Luanshya.

Ofufuza akhala akutsutsana ngati magule awa anali kusirira Azungu kapena kuwaseka. Zikuoneka kuti zonse ziwiri zinalimo, koma chachikulu chinali mpikisano wa eni ake okhaokha: boma linkafuna kuposa boma la tsidya la dambo, osati bwanamkubwa wa ku Fort Manning.    

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mganda unalowa m'ndandanda wa magule ovinidwa pa misonkhano ya Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi pa zikondwerero za pa 6 July. Nyimbo zonyozana zinachepa, zotamanda Ngwazi ndi chipani zinachuluka, ndipo boma losankhidwa kukavina pamaso pa Kamuzu linkatenga ulemu umene kale unkapezeka pabwalo la mudzi. Ulendo wa ku Joni, umene unkaveka maboma ambiri, unaimitsidwa kwa zaka zingapo mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Kuyambira 1994 guleyu wakhala akuitanidwa ndi zipani zosiyanasiyana, masukulu ndi mabungwe ofalitsa uthenga wa Edzi, katemera ndi kubzala mitengo.

Anyamata ambiri a kwa Mavwere lero mtima wa mpikisano anaupititsa ku mpira: timu ya mudzi, Bullets kapena Wanderers, ndi matimu a ku England oonera m'mavidiyo a pa malo a malonda. Maboma amene atsala ali ndi ovina achikulire ambiri kuposa achinyamata, maudindo ena monga a dokotala sapezekanso m'magulu onse, nsapato zachikopa zinalowedwa m'malo ndi zansalu, ndipo pa kabowo ka badza ambiri amamatapo kapepala ka jumbo m'malo mwa kansalu ka kangaude.