Kuchokera pa Chitupa Kufika pa Makina Owerenga Zala

Anthu a ku Nyasalandi amene ankakhamukira ku minda ya fodya ya ku Mashonaland, monga ku Banket ndi ku Mvurwi, moyo wawo unkatsamira pa kapepala kamodzi: chitupa. Bungwe lolemba antchito la Mthandizi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1946, linatumiza ambiri kumeneko. Pachitupapo mlembi ankalemba pamanja dzina la munthu, kwawo ndiponso bwana wake. Wopezeka wopanda chitupa ankamangidwa.

Pa nthawiyi n'kuti luso lowerengetsa makina litayamba kale kunja. Gustav Tauschek anapeza umwini wa makina ozindikira zilembo ku Germany mu 1929, ndipo m'ma 1970 Ray Kurzweil anakonza makina owerenga zilembo zosindikizidwa zamitundumitundu. Komabe kumindako, cholembera cha mlembi ndicho chinkalamula.

Minda itayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri anasowa pokhala. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa alendo ngakhale ana awo obadwira komweko, mpaka malamulo aakulu a 2013 anawatsegulira khomo.

Makina anawapeza mu 2017, pomwe bungwe la zisankho la ZEC linayamba kalembera wojambula nkhope ndi zala. Munthu akagunditsa chala pagalasi, kuwala kumaonetsa mizere ya khungu, kompyuta n'kuisunga. Komatu makinawo ankalandira yekhayo wobwera ndi chiphaso. Mdzukulu wa mtchona amene analibe kalata yakubadwa anatsalabe kunja, ngakhale zala zake zinkawerengeka bwinobwino.